Zikomo nonse amene munatithandiza kusaka mabuku a Baden-Powell

Abale anga ndabwera kudzathokoza, pulojekiti ya mtsikana wanga ija yatha ndipo wakapereka kale kwa aphunzitsi. Paja ndinapempha thandizo mwezi watha kuti mwanayu, ali fomu 2, anauzidwa kulemba mbiri ya munthu amene anayambitsa gulu la achinyamata, iye nkusankha Robert Baden-Powell wa ma Scout. Aphunzitsi ananenetsa kuti zongokopera pa intaneti ayi, akufuna aone kuti mwana wagwira buku ndi manja. Nde ife buku lotere tikanalitenga kuti, mmashopu mwangodzadza mabuku a silabasi okhaokha.

Oyamba kuwathokoza ndi agogo ena akutchalitchi kwathu omwe anali mtsogoleri wa ma Scout kalekale. Atangomva anatiitana kunyumba kwawo, nkutsegula sutikesi yachitsulo ija ya pansi pa bedi, kutulutsa Scouting for Boys, lomwe Baden-Powell analitulutsa koyamba mu 1908. Chikuto anachimata ndi selotepi, masamba achita chikasu, mmphepete muli zolemba zawo za pensulo. Sanangotibwereka ayi, anamukhazika mwana pamkeka nkumufotokozera za kampu yoyamba ija ya pa chilumba cha Brownsea ku England mu Ogasiti 1907, anyamata 20 basi, ena a mabanja olemera ena a mabanja wamba, ndipo anamuphunzitsanso kumanga mfundo ziwiri ndi chingwe choyanikira zovala. Agogo, Mulungu akusungeni, mwana anabwerako akusimba za inu njira yonse.

Amayi a ku laibulale, inu munasiya ntchito yanu nkumakwera pampando kufufuza mashelefu a pamwamba mpaka munapeza insaikulopediya yakale, zikomo. Mmenemo ndi momwe mwana anapeza kuti Baden-Powell anabadwa pa 22 Febuluwale 1857 ku London, komanso kuti ma Girl Guides anayamba mu 1910 mothandizana ndi mlongo wake Agnes, mwana wanga anasangalala nazo kwambiri zimenezi poti amaona ngati nkhani yonse ndi ya anyamata okha.

Koma amene anavutika zenizeni ndi achimwene anga ali ku UK. Anakabwereka buku la mbiri ya Baden-Powell lolemba Tim Jeal la 1989, chibuku chachikulu zedi, ndipo akaweruka kuntchito usiku amajambula masamba pa foni nkumatumiza pa WhatsApp, tsamba lina likatuluka losaoneka bwino amajambulanso osadandaula. Achimwene, sindikudziwa ndikubwezerani bwanji. Bukuli ndi lomwe linasintha ntchito yonse chifukwa silimangotamanda munthuyu. Za ku Mafeking ku South Africa, komwe tauni inazingidwa ndi ma Boer, azungu a komweko omwe ankamenyana ndi Britain, masiku 217 kuyambira 1899 mpaka 1900, Baden-Powell akutsogolera asilikali oteteza tauniyo, ambiri timangodziwa zoti anyamata ankanyamula mauthenga pa njinga ndipo Baden-Powell anatchuka nazo kwawo. Koma anthu akuda a mtaunimo ndi amene njala inawapweteka kwambiri, ndipo mpaka lero olemba mbiri amatsutsana za mmene iye ankagawira chakudya. Anamenyanso nawo nkhondo yolimbana ndi Amandebele mu 1896 kuno kufupi ku Zimbabwe. Mwana anandifunsa kuti amama ndilembe zimenezi kapena ndizisiye, ine ndinati lemba mwana wanga, zonse ndi za munthu mmodzi yemweyo, ndipo ndinanyadira kumuona akulimbana nazo yekha mmalo mongolemba zokoma zokha.

Chomwe chinamudabwitsa mwana nchakuti manda a Baden-Powell ali ku Africa konkuno, ku Nyeri ku Kenya komwe anamwalira pa 8 Januwale 1941, ndipo pamwala pali kachizindikiro ka ma Scout, kozungulira kadontho pakati, kotanthauza kuti ndapita kwathu. Anakajambula pa tsamba lomaliza.

Mnyamata wa pa shopu yofotokopa unatichotsera mtengo utaona kuti nza sukulu, sindikuiwala. Ndi inu nonse munatumiza bandulo, munaimba foni kufunsa tafika pati, ena simukutidziwa nkomwe, zikomo kwambiri.

Buku la agogo tikukabweza Lamlungu. Mapepala tinafotokopa aja ndawasunga bwinobwino mu fayilo, amene mwana wake wapatsidwa mutu womwewu andiuze ndimupatsira.