Bonasi ya mabwana ikupha nzeru zatsopano

Abale inu, kampani ikayamba kumira bwana wamkulu amathamangira kudula ndalama za kafukufuku, mukudziwa chifukwa? Nthawi zambiri bonasi yake amaiwerengera pa phindu la chaka chomwecho, ndiye makina oti adzalowetse ndalama patatha zaka 5 alibe nawo ntchito, nthawi imeneyo adzakhala atachoka kalekale. Taonani Kodak, kampani ya ku America ya zojambulira zithunzi, injiniya wawo Steve Sasson anapanga kamera ya dijito mu 1975 koma mabwana anakakamira filimu yojambulira zithunzi poti ndiyo inkalowetsa ndalama, pofika 2012 anakagwada kukhoti ngongole zitawakwana. Ine ndikuti mabwanawa aziwapatsa masheya oti sangagulitse mpaka patapita zaka zambiri. Zimandiwawa zedi kuona mainjiniya akuchotsedwa ntchito uku bwana akulandira bonasi yake yonse.