Ine si fotoni, bambo

Magalasi a dzuwa amenewo ndinali nditangowagula dzulo lake, ndipo kunena zoona ankandikhala. Pa mwendo wake panalembedwa mawu akuti polarized, amene ine ndinkayesa kuti ndi dzina la kampani. Loweruka limenelo akazi anga anachoka m'mamawa n'kusiya tabuleti yawo patebulo. Ndinaitenga kuti ndikaonere mpira panja, magalasi ali pamphuno ngati munthu wa mufilimu.

Ili choimirira zonse zinali bwinobwino. Koma mpira saonera choimirira. Nditangoigoneka cham'mbali, sikirini yonse inangoti bii! Mawu a woulutsa akumveka, anthu akukuwa m'bwalo, chithunzi palibe. Kuiimika, osewera aja awo akuthamanga. Kuigoneka, mdima. Ndinabwereza kasanu ndi kawiri, kwinaku ndikuitembenuza pang'onopang'ono poganiza kuti mwina ikufuna ulemu.

Mtima unayamba kuthamanga. Katunduyu si wanga, ndipo m'nyumbamo ndinali nditauzidwa kale kuti manja anga ndi owononga. Ndinaizimitsa n'kuiyatsa. Ndinaitchaja ngakhale batire inali yodzaza. Ndinaimenya pang'ono kumsana monga tinkachitira ndi wailesi. Ndinathawira nayo m'nyumba poganiza kuti yapsa ndi dzuwa, magalasi osavula ayi. Posakasaka ndinakafika pamene palembedwa kuti factory reset. Makinawo anandifunsa kawiri konse ngati ndatsimikizadi kufufuta zonse, ine n'kuvomera kawiri konse ngati mwamuna wodziwa chimene akuchita.

Inayakanso ili mbee, ngati yangotuluka kumene m'katoni. Kuigoneka cham'mbali, bii!

Apa m'pamene analowa mwana wa achemwali anga, mtsikana amene amaphunzira fizikisi ku yunivesite ndipo anali kwathu patchuthi.

"Amalume, thukuta lonseli bwanji?"

"Iwe, ona, yafa."

Anasuzumira n'kunena kuti sikirini ikuyaka bwinobwino, ikufunsa chilankhulo chimene ndikufuna. Ndinamuuza kuti asamachite nthabwala ndi akuluakulu. Anandiyang'ana kumaso, n'kuyang'ana tabuleti, n'kundiyang'ananso, milomo ikunjenjemera.

"Amalume, tavulani magalasiwo."

Ndinavula. Sikirini inali kuwala ngati mwezi.

Atamaliza kuseka, zimene zinatenga kanthawi ndithu, anandikhazika pansi. Anati kuwala kumayenda ngati funde, ndipo fundelo limagwedezeka chopingasa njira imene likulowera: lina mmwamba ndi pansi, lina kumanja ndi kumanzere, lina chopendekeka. Kuwala kochokera kudzuwa n'kosakaniza zonsezi. Koma kukagunda pamadzi kapena pamsewu wonyowa n'kubwerera m'maso, kochuluka kumakhala kogwedezeka chogona, ndipo n'kumene kumathobwa m'maso. Magalasi anga ali ndi kasefa kolola choimirira chokha kudutsa, n'chifukwa chake asodzi ndi madalaivala amawakonda. Tsoka langa linali lakuti sikirini ya tabuletiyi, ya mtundu wotchedwa LCD, nayonso ili ndi kasefa kotero pamwamba pake, choncho kuwala kwake kumatuluka kutafola mbali imodzi. Ukaitembenuza madigiri 90, masefa awiriwo amapingasana, palibe chodutsa.

Anandibwezera magalasi pamphuno n'kuyamba kupendeketsa tabuleti ija pang'onopang'ono. Kuwala kunkazilala ngati nyali yotha mafuta. Atafika pakati penipeni, pa madigiri 45, anaima n'kunena kuti apa kukudutsa theka ndendende, ndipo lamulo lake limatchedwa ndi dzina la Étienne-Louis Malus. Mkulu ameneyu anali injiniya wa asilikali ku France. Mu 1808 ali ku Paris anasuzumira kudzera m'mwala woonekera wa calcite, kuyang'ana dzuwa lolowa likunyezimira pa mawindo a nyumba yachifumu ya Luxembourg, ndipo potembenuza mwalawo anaona kuwala kukuchepa n'kuwonjezekanso. Mnzathuyo anatembenuza chinthu n'kulowa m'mabuku a sukulu. Ine ndinatembenuza chinthu n'kufufuta zithunzi za ukwati wanga womwe.

Za zithunzizo ndinali ndisanamuuze mwanayo, choncho ndinafunsa funso lanzeru kuti nkhani italike. Ngati kukudutsa theka, ndiye kuti funde lililonse likudulidwa pakati?

Maso ake anawala, ndinadziwiratu kuti ndaputa mavu. Anati Thomas Young, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anadutsitsa kuwala pa timipata tiwiri n'kupeza mizere yowala ndi yakuda yosinthanasinthana, zimene mafunde okha ndiwo amachita. M'kupita kwa zaka asayansi anakhutira kuti kuwala ndi funde basi. Mu 1905 Albert Einstein anabwera n'kusonyeza kuti kuwala kukamathothola maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, pachitsulo kumapereka mphamvu yake m'timibulu, kamodzikamodzi, timene lero timatchedwa mafotoni. Mphoto yake ya Nobel ya 1921 anailandirira nkhani imeneyi, osati ija ya relativity imene anthu amamudziwa nayo. Tsono fotoni saidula pakati. Ikafika pa kasefa kopendekeka madigiri 45, imadutsa yonse kapena kutsalira yonse, ndipo palibe amene angalosere kuti iyi idutsa, iyi ayi. Chodziwika n'chakuti pa gulu lalikulu, theka lidutsa. Funde limanena mwayi wake, kambulu n'kamene kamafika.

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Kenako anatulutsa magalasi ake m'chikwama, nawonso a mtundu womwewo. Anagoneka tabuleti cham'mbali, ine magalasi anga ali pamphuno, mdima uja n'kubwerera. Analowetsa magalasi akewo pakati, pamwamba pa sikirini, atawapendeketsa madigiri 45. Anthuni, mkati mwa magalasi akewo sikirini inawala! Pozungulira ponse pali bii, koma pamene waonjezerapo chotchinga china m'pamene pakuoneka zilembo. Ndinawalanda n'kuwayang'ana kumbuyo ngati muli batire.

Anati palibe matsenga. Theka la mafotoni limadutsa kasefa kapakati, ndipo fotoni iliyonse yodutsayo imatuluka itatenga mbali ya kasefako, za kumene inkagwedezekera poyamba yaiwaliratu. Ikafika pa magalasi anga ilinso pa madigiri 45, mwayi wake ndi thekanso. Theka la theka, kota ya kuwala kwa sikirini imafika m'maso.

"Imaiwaliratu zonse zakale?"

"Zonse, amalume. Ngati kuichita factory reset."

Sindinayankhe. Anayang'ana sikirini ija, imene inali ikufunsabe chilankhulo, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Anatola chikwama chake n'kunena kuti ali ndi zoti awerenge kuchipinda.

Akazi anga anafika dzuwa litapendeka. Ndinawalandira chikwama pakhomo, zimene zinawadabwitsa, n'kuwakhazika pampando wabwino. Ndinayambira patali ndithu, kwa Malus ndi mawindo a ku Paris. Ndinawaveka magalasi, kuwaonetsa mdima, kuwaonetsa theka, kuwaonetsa kota. Ankamvetsera mwachidwi mpaka ndinayamba kulimba mtima. Ndinafotokoza kuti m'chilengedwe muli zinthu zimene zikadutsa pa kasefa zimaiwala mbiri yawo yonse n'kuyamba moyo watsopano popanda kusunga mangawa.

Anavula magalasi aja n'kutsegula pamene pamakhala zithunzi. Panalibe ngakhale chimodzi. Anakhala chete kwa nthawi yoti munthu angathe kuwerenga mafotoni onse a m'chipindamo.

"Ine si fotoni, bambo."

Usiku wonse ndinachezera pa WhatsApp, kupempha abale mmodzimmodzi kuti aliyense amene anajambula paukwati wathu anditumizireko. Chithunzi choyamba kufika chinali cha ine ndekha, nditatsinzina.