Zimene Ndimaganizira Posankha Njira Yoyezera Matenda a Ziweto

Pa ntchito yanga yosamalira ziweto, ndaona kuti anthu ambiri amalandira zotsatira za ku labotale ngati kuti sizingalakwe, chonsecho njira iliyonse yoyezera ili ndi malire ake. Ndisanasankhe njira, ndimadzifunsa kuti imapeza nyama zingati mwa zodwaladi, komanso kuti imanamizira matenda nyama zingati mwa zathanzi.

Funso lachiwirili ndi limene limanyalanyazidwa kwambiri. Tiyerekeze kuti tili ndi ng'ombe 1,000, ndipo 10 zokha ndizo zikudwala. Ngati njira yathu imalakwitsa pa ng'ombe imodzi mwa 100 zathanzi, ng'ombe pafupifupi 10 zabwinobwino zidzaoneka ngati zodwala, kutanthauza kuti theka la zimene tazipeza ndi matenda silikudwala n'komwe. N'chifukwa chake pa matenda a brucellosis, amene amachititsa ng'ombe kupoloza, ndimayamba ndi Rose Bengal, njira yachangu yoyezera magazi, kenako ndimatsimikizira ndi njira ina ya ku labotale yotchedwa ELISA ndisanauze mwini ziweto kuti achotse nyama m'khola. Ndimafunsanso ngati ng'ombeyo inalandira katemera wa brucellosis wotchedwa S19, pakuti chitetezo chimene katemerayu amasiya m'magazi chimatha kuoneka ngati matenda.

Njira ina ya ku labotale, yotchedwa PCR, imafufuza DNA ya kachilombo kenikeniko, koma imatha kulephera ngati magazi kapena mkaka wawonongeka ndi kutentha panjira. Kuyeza chifuwa chachikulu pakhungu nakonso kumafuna kuti ndibwerere pakatha maola 72 chibayireni jakisoni woyezera, apo ayi kutupa kumene ndingakuone sikungandiuze zoona.