Kukonzekera makilomita 21 oyamba muli ku Mangochi

Mpikisano wa half marathon ndi makilomita 21.1. Munthu wathanzi amene sanathamangepo mtunda wotere, koma amatha kuyenda ola lathunthu osakhala pansi, akhoza kuumaliza atakonzekera masabata 16. Ambiri amene amagwa m'njira si aulesi ayi. Chimawagwetsa ndi liwiro. Amatuluka tsiku loyamba ngati akuwathamangitsa agalu, sabata yachitatu msongolo wayamba kuwawa, nsapato n'kuziponya pansi pa bedi. Kuno kunyanja pali mdani wachiwiri amene anzathu a ku Dedza samudziwa bwino, dzuwa.

Choncho yambani ndi kalendala. Miyezi yabwino yokonzekera kuno ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mwera ukuwomba ndipo m'mawa kumazizira. Okutobala ndi Novembala, masana kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo ngakhale 7 koloko m'mawa phula limakhala litayamba kale kutulutsa moto. Ngati mpikisano umene mwasankha ukukukakamizani kukonzekera nthawi imeneyo, tulukani kukangoyamba kuyera, cha m'ma 5 koloko, ndipo pofika 7 mukhale mutabwerera. Madzulo amanyenga: dzuwa lapendeka koma nthaka ikadali yotentha.

Lamulo la liwiro ndi losavuta. Muzithamanga mwakuti mukhoza kucheza ndi mnzanu, kunena chiganizo chonse osadukiza ndi befu. Mukaona kuti mawu akutuluka awiriawiri, mwapitirira, chepetsani kapena yendani. Anthu pamsewu adzakusekani kuti kuthamanga kwanji kumeneko, ana adzakupitirirani. Asiyeni. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'masabata ochepa, pamene mafupa, mfundo ndi mitsempha yolumikiza minofu zimafuna miyezi. Apa ndi pamene pagona ngozi: mpweya ukukuuzani kuti mukhoza kuwonjezera, koma miyendo sinakhwime.

Pa sabata thamangani katatu, ndipo pakati pa masiku othamanga pazikhala tsiku lopuma. Tinene Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Masiku awiri oyambawo ndi aafupi, Lowerukalo ndi la mtunda wautali, ndipo limeneli ndilo msana wa ntchito yonse.

Masabata anayi oyamba muzisakaniza kuthamanga ndi kuyenda. Sabata yoyamba: mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, kubwereza kakhumi, zonse mphindi 30. Yachiwiri: ziwiri kuthamanga, ziwiri kuyenda. Yachitatu: zinayi ndi imodzi. Pofika yachinayi muyenera kumatha mphindi 8 kapena 10 musanayende. Ngati sabata ina yakulemerani, ibwerezeni, palibe amene akukulemberani malikisi.

Kuyambira sabata 5 mpaka 8, masiku aafupi akhale a mphindi 30 mpaka 35, ndipo Loweruka mupange makilomita 6, kenako 7, kenako 8, sabata ya 8 mutsike kubwerera pa 6. Kutsikako musakudumphe. Thupi silikula mphamvu pamene mukuthamanga, limakula pamene mukupuma ndi kugona, ndiye sabata yachinayi iliyonse mulipatse mpata. Sabata 9 mpaka 12: makilomita 10, 12, 14, kenako 10. Masiku aafupi afike mphindi 40. Sabata ya 13 mupange 16, ya 14 mupange 18, ndipo pamenepo ndiye pathera kukwera. Sabata ya 15 tsikani pa 10. Ya 16 ndi ya mpikisano: kawiri kokha, mphindi 20, mopepuka. Simufunika kuthamanga makilomita 21 onse mpikisano usanafike. Atatu otsalawo miyendo yopumula idzawanyamula.

Kuyeza mtunda: amene ali ndi foni yokhala ndi GPS akhoza kugwiritsa ntchito Strava kapena pulogalamu ina yotere. Opanda foni yotero, lipirani wa kabaza wa njinga yamoto imene mita yake ikugwira, muyende naye msewu umene mwasankha, muziika chizindikiro m'mutu pa kilomita iliyonse, kaya mlambe, kaya mjigo, kaya golosale. Bwalo la mpira lokwanira muyezo mukalizungulira m'mizere yake ndi mamita pafupifupi 350, kotero katatu ndi kilomita imodzi.

Msewu wa ku Monkey Bay ndi wosakwera, koma ndi wa maminibasi, malole ndi njinga zambirimbiri. Magalimoto kwathu kuno amayenda kumanzere, ndiye inu mukhale kumanja kuti muziona chimene chikubwera. Valani zoyera kapena zowala, ndipo m'makutu musatseke ndi nyimbo. Misewu yafumbi yolimba ya m'midzi ndi yabwino ku mawondo kuposa phula. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja umakopa, koma ndikuletsani m'miyezi iwiri yoyamba: phazi limamira, chidendene chimatsika kuposa mwa masiku onse, ndipo mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene umatupa. Gombe limakhalanso lopendeka, mwendo umodzi umagwira ntchito kuposa unzake.

Vuto lina la Mangochi ndi lakuti tauni yathu ndi yathyathyathya, ndipo ili pansi, osafika mamita 500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Mipikisano yambiri imachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene ndi okwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo Blantyre ndi wa zitunda zokhazokha. Munthu wozolowera chigwa akakumana ndi chitunda pa kilomita ya 14 amaima. Mankhwala ake ali kutsidya: wolokani mlatho wa Bakili Muluzi, mutenge msewu wa ku Namwera mpaka pamene umayamba kukwera phiri. Kuyambira sabata ya 9, kamodzi pa masabata awiri, kwerani mphindi imodzi mothamanga pang'ono, tsikani moyenda, kubwereza kasanu ndi kamodzi. Potsika musathamange mwamphamvu, ndi pamene mawondo amavulala. Mpikisano wa Mulanje Porters Race, ngakhale kutalika kwake kukufanana ndi kumeneku, ndi wokwera phiri lenileni ndipo si woyambira.

Tsopano za madzi, zimene kuno ndi nkhani ya moyo. Dziyezeni pa sikelo musanatuluke, ndipo mudziyezenso pobwera mutavula zonyowa. Kilogalamu imodzi imene yatsika ndi lita imodzi ya thukuta. Munthu wa makilogalamu 60 akatsika kupitirira kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndiye kuti wauma ndipo liwiro lake lagwa kale. Pothamanga mosapitirira mphindi 45 m'mawa wozizira, kapu imodzi kapena awiri musanatuluke akwanira. Kupitirira ola, nyamulani botolo la theka la lita ndipo muzimwa makamwa awiri kapena atatu mphindi 15 zilizonse. Pa mitunda ya makilomita 14 kupita m'tsogolo, konzani njira yozungulira yodutsa pakhomo panu kawiri, kapena mnzanu wa njinga akutsateni ndi madzi.

Thukuta limatuluka ndi mchere, n'chifukwa chake malaya akauma amachita mizere yoyera. Kumwa madzi okhaokha ochuluka kwambiri kumasungunula mchere wa m'magazi, munthu n'kumva mutu, nseru ndi chizungulire, mwina mpaka kukomoka. Sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo, kapena pangani nokha: lita imodzi, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mkodzo ndiwo mboni. Ukakhala woyererako muli bwino, ukakhala ngati tiyi wopanda mkaka mwauma.

Mnzanu akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka, kusanza kapena kusadziwa kumene ali, si kutopa wamba. Thupi latenthedwa. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni zothina, mumuthire madzi ambiri thupi lonse mukumukupiza, ndipo mupite naye kuchipatala mosazengereza. Ndipo malungo: thupi likatentha musathamange ngakhale pang'ono. Kayezetseni, malizani mankhwala, dikirani sabata imodzi mphamvu zitabwerera, kenako mubwerere m'mbuyo masabata awiri pa ndondomeko yanu. Amene amasamba m'nyanja kawirikawiri n'kumamva kufooka kosatha akayezetsenso likodzo ndi kuchuluka kwa magazi. Amene ali ndi BP, shuga, mphumu kapena anamvapo kuwawa pachifuwa aonane ndi dokotala asanayambe. Abale athu achisilamu amene mwezi wa Ramadani wagwera mkati mwa masabatawa asamuke ndi maulendo aafupi kupita usiku atamasula, ndipo mitunda yaitali idikire mwezi utatha.

Chakudya si cha kugolosale yodula. Phala, nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi nthochi ndizo mafuta a wothamanga. Usipa, nyemba, mazira ndi nsinjiro zimamanga minofu. Mphamvu imene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi imayamba kutha pakadutsa pafupifupi ola ndi theka, ndiye pa mtunda wautali idyani theka la nthochi kapena maswiti awiri mphindi 30 zilizonse kuyambira pa mphindi 45. Yeserani zimenezi Loweruka lililonse kuti mimba izolowere.

Nsapato za pakaunjika zimagwira ntchito mukasankha bwino. Kaguleni madzulo pamene mapazi afufuma, mutavala sokosi. Pakati pa chala chachitali ndi mphuno ya nsapato pazitsala malo okwana chala chachikulu cha dzanja, apo ayi zikhadabo zidzada n'kuchoka. Ikani nsapatoyo patebulo: ikapendekera mbali imodzi, yatha, isiyeni. Dinani mkati mwa soli ndi chala. Ikakhala youma ngati thabwa kapena yamakwinya ambiri m'mbali, siitetezanso. Sokosi za thonje zikanyowa zimabala matuza. Pakani Vaseline pakati pa ntchafu, m'khwapa ndi pansonga za mabere, ndipo amayi apeze bra yogwira bwino.

Ululu uli pawiri. Kuphwanya kwa minofu ya miyendo yonse iwiri, kumene kumatha pakapita masiku awiri, n'kwabwinobwino. Koma ululu wa malo amodzi amene mungawaloze ndi chala, makamaka pafupa la msongolo kapena pamwamba pa phazi, umene ukukula pamene mukuthamanga kapena ukukutsimphinitsani, umafuna kuti muime masiku atatu mpaka asanu. Ukapitirira, kuchipatala. Musauphimbe ndi Brufen kapena diclofenac musanathamange, chifukwa mankhwala amenewa akakumana ndi thupi louma amavulaza impso.

Fikani kumalo a mpikisano dzulo lake, chifukwa ulendo wa minibasi umaumitsa miyendo. Madzulo idyani chimene munazolowera, osachulutsa nyemba, kabichi kapena tsabola. M'mawa, maola awiri kapena atatu musanayambe, phala kapena buledi ndi tiyi ndi nthochi. Chilichonse chatsopano, nsapato, malaya, chakumwa chimene akugawa, chisiyeni.

Imani kumbuyo kwa gulu. Makilomita asanu oyamba muyende pang'onopang'ono kuposa mmene mtima ukufunira, ngakhale agogo akupitirireni. Mphindi 7 pa kilomita zimakufikitsani pa maola 2 ndi mphindi 28, mphindi 8 pa maola 2 ndi mphindi 49, choncho funsiranitu okonza mpikisano nthawi imene amatsekera msewu. Pamalo alionse a madzi yendani masekondi 30 kuti mumwe bwino osatsamwa. M'nthiti mukabaya, chepetsani liwiro, dinani pamalopo ndi dzanja, mutulutse mpweya wonse mwamphamvu kangapo. Pakati pa kilomita ya 16 ndi 18 miyendo idzalemera; fupikitsani mapazi, sinthanitsani mphindi zinayi kuthamanga ndi imodzi kuyenda ngati mmene munayambira sabata yachitatu ija. Mukadutsa mzere musagwe pansi: yendani mphindi khumi, imwani ORS, idyani pasanathe ola, ndipo masiku asanu otsatira musathamange.