Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Ana a Matipate

M'gawo lapitali ndinasiyira pa 14 June 1993, tsiku la riferendamu, pamene ine ndinavotera nyali, chizindikiro cha matipate, bambo anga n'kuvotera tambala wakuda wa chipani chimodzi, madzulo ake n'kudyera limodzi osafunsana kanthu. Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati tinadzayanjana. Sitinayambane n'komwe. Bambo anali tcheyamani wa nthambi ya Malawi Congress Party m'mudzi mwathu ku Dedza kwa zaka zambiri, ndipo kwathuko anthu ochuluka anavotera tambala, ngakhale kuti m'dziko lonse pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha matipate. Zotsatira zitalengezedwa pa wailesi, iwo anangoti, "Mwana wanga, walira mvula walira matope," n'kutenga khasu ulendo wa kudimba.

Choyamba kutha chinali kadi ya chipani. Inu obadwa m'mbuyo muno simungamvetse kuti kapepala kamodzi kankatsekereza munthu pachipata cha msika kapena pakhomo la basi, ayufi ovala malaya ofiira atayima pamenepo. Mwadzidzidzi panalibenso wofunsa. Chaka chomwecho lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza linachotsedwa, a Mboni za Yehova amene analetsedwa kuyambira 1967 analoledwa kupemphera poyera, ndipo mu December asilikali analanda mfuti apayoniya pa Operation Bwezani. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho, Kamuzu Banda anavomera kugonja, ndipo pamsonkhano uliwonse wokamba akafunsa kuti "Zinthu zatani?" khamu linkayankha kuti "Zasintha!"

Ine kusinthako kunandipezera ntchito. Boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, yunifolomu siyokakamiza. Sukulu zitatsegulidwa, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi oti awalandire kunalibe, choncho boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 osaphunzira ntchitoyi, ambiri a ife tili ndi satifiketi ya JCE yokha. Anatiphunzitsa kwa masabata ochepa, n'kutipatsa choko. Ku koleji ndinadzapondako patapita zaka, pansi pa ndondomeko yosula aphunzitsi ali pantchito ya MIITEP imene inayamba mu 1997, komweko miyezi itatu yokha, zotsalazo tinkawerenga tokha kwinaku tikuphunzitsa.

Ahedi anandipatsa Sitandade 1, ndipo kalasi yanga inali pansi pa mkuyu. Bolodi tinkalitsamiritsa pathunthu la mtengowo, mwala uku mwala uku kuti mphepo isaligwetse. Ana anali oposa 100. Kuitana mayina m'kaundula kokha kunkadya theka la mmawa, moti ndinayamba kuwagawa m'magulu a midzi yawo, wamkulu pagulupo n'kumandiuza amene sanabwere. Makope anali ndi ana owerengeka. Ena onse ankasalaza dothi ndi chikhatho n'kulemba a, e, i, o, u ndi chala, ine n'kumayenda chowerama pakati pawo kuchonga pansi pomwepo. Mtambo ukangoda kumapiri, sukulu yatha.

Kumbuyo kwenikweni kunkakhala mnyamata wina wa zaka ngati 14, wamtali kuposa ine, mawu atayamba kale kukula. Dzina lake ndilisunga. Anali mbusa wa ng'ombe za eni ake, ndipo makolo ake sanathe kumulipirira fizi chibadwire. Tiana tazaka zisanu ndi chimodzi tinkamuseka, iye osalabada. Tsiku limene analemba dzina lake lonse padothi anakana kuti wina apondepo, anazinga malowo ndi timiyala mpaka nthawi yoweruka. Anafika Sitandade 5 n'kusiya, chifukwa pakhomo pankafunika manja ake.

Sindingakubisireni kuti ambiri mwa ana amenewo tinawalakwira monga dziko. Chitseko chinatsegulidwa, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi zinabwera mochedwa, kwina mpaka lero sizinafike. Kafukufuku wa SACMEQ wa 2007 anapeza kuti pa mayiko onse a kummwera ndi kummawa kwa Africa amene anachita nawo, ana athu a Sitandade 6 ndiwo anali kumapeto pa kuwerenga. Nditamva zimenezo sindinadabwe, chifukwa ndinkadziwa ana amene ndinawakweza kalasi asanathe kulumikiza zilembo, pofuna kupereka malo kwa khamu lina limene linali kubwera.

Kunja kwa sukulu nakonso moyo unalimba. Kwacha itasiyidwa kuti izidziyendera yokha mu February 1994, malipiro athu ankasungunuka mwezi usanafike pakati. Makampani aboma anayamba kugulitsidwa lamulo la 1996 litakhazikitsidwa, amalume anga amene ankagwira ntchito ku Blantyre anabwerera kumudzi ndi katundu wawo m'thumba limodzi. Misika ya ADMARC imene makolo athu ankadalira inafooka, ndipo pa njala ya 2002 tinaika m'manda anthu amene sankayenera kufa. N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti "bola nthawi ya Kamuzu" sindimukalipira. Ndimadziwa chimene chikumuwawa. Koma sindivomereza. Ndimamukumbutsa za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu May 1983 ife n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Ndimamukumbutsa za Orton Chirwa, amene anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Ndimamukumbutsanso kuti mawu akuti "bola kale" akuwalankhula mokweza m'minibasi, pakati pa anthu osawadziwa, ndipo usiku akagona kwake. Bambo anga, tcheyamani wathunthu, ankatsitsa mawu m'nyumba mwawo momwe akafuna kudandaula za mtengo wa feteleza.

Chimene chimandipweteka ine ndi china: zizolowezi zina sizinachoke ndi Ngwazi. Mayi anga anali mbumba, ankakwezedwa pa lole mbandakucha kukavina kumene Kamuzu akuyendera mbewu, kusiya munda wawo uli ndi udzu. Ndinkaganiza kuti zimenezo zatha ndi nyali. Koma ndaona amayi a m'mudzi mwathu omwewo atavala nsalu yachikasu, kenako yabuluu, kenako yaolenji, nkhope ya pansalu ikusintha, magule ali omwewo. Kale ankapita chifukwa cha mantha, tsopano amapita chifukwa cha kandalama ka sopo. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pokopa anthu, koma aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa kampeni akudziwa mmene zimathera. Ndipo aphungu athu sanachedwe kudziteteza: mu 1995 anachotsa ndime 64 ya malamulo oyendetsera dziko, imene inkatipatsa mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito nthawi yake isanathe. Nyumba ya Senate, mmene mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, anaifafaniza mu 2001 isanakhaleko n'komwe.

Komabe pali chimene chinamera mu 1993 chomwe palibe wakwanitsa kuchizula. Mu 2002 atafuna kusintha malamulo kuti mtsogoleri azilamulira kupyola materemu awiri, mipingo ndi anthu wamba anakana, ndipo biluyo inagwa m'Nyumba ya Malamulo. Pa 20 July 2011 anthu anatuluka m'misewu, ena 20 anataya miyoyo yawo. Bingu wa Mutharika atamwalira mu April 2012, panali ofuna kulambalala malamulo, koma Joyce Banda analumbiritsidwa monga mmene malamulo amanenera. Ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anakhala tsiku lathunthu akuwerenga chigamulo chothetsa chisankho cha pulezidenti cha May 2019, chija cha Tippex. Tinamvera pa wailesi m'chipinda cha aphunzitsi, wina osafuna kutuluka ngakhale kukamwa madzi.

Pa chisankho chobwereza cha 23 June 2020 ndinali m'gulu la aphunzitsi ogwira ntchito pamalo oponyera voti. Titamaliza kuwerenga usiku, mamonitala a zipani anabwera kudzasaina fomu ya zotsatira. Mmodzi wa iwo, bambo wa imvi zapatalipatali, anakana kupatsidwa cholembera msanga. Anayandikitsa fomuyo pa tochi, chala chili pa mzere, n'kuwerenga dzina lililonse ndi nambala yake mokweza, pang'onopang'ono, akufananiza ndi zimene analemba m'kakope kake. Anzake anayamba kung'ung'udza kuti kwada. Atakhutira anasaina, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Madamu, mwandiiwala? Ndine uja wa ng'ombe, wa pansi pa mkuyu."

Tinacheza mpaka galimoto yonyamula mabokosi itafika. Anali ndi shopu yokonza njinga, ana ake anayi onse anali pasukulu, woyamba ali Fomu 3. Anandiuza kuti chipani chimene ankachiimira tsikulo akachiona kuti chikunama adzachisiya, ndipo ananena zimenezo pamaso pa mamonitala anzake ndi wapolisi amene anali pakhomo.

Bambo sanakhale ndi moyo mpaka kuona zimenezi. Anatisiya mu 1998, patangopita miyezi yochepa Kamuzu atamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za matenda awo, za makadi osagulitsidwa amene tinawapeza m'sutikesi yawo, ndi mmene ndinasamukira ku Lilongwe ndi mwana wakhanda kumbuyo.