Mmene tinasankhira mwezi woti banja la ku Pune lituluke kunja

Ndinakhala zaka zitatu mumzinda wa Pune, m'chigawo cha Maharashtra, pamene ndinkachita maphunziro, ndipo nthawi yonseyo banja la mnzanga wina wa m'kalasi linandisunga ngati mwana wapakhomo. Patapita zaka zingapo ndili kuno kwathu, mnzangayo anandiimbira foni chakumapeto kwa Febuluwale n'kundiuza kuti iye, mkazi wake, ana awo awiri ndi amayi ake akufuna kutuluka kunja kwa India kwa masabata awiri, koma anali asanagwirizane za dziko lopitako ngakhalenso mwezi wonyamukira. Ine sindinachedwe kuyankha. Ndinati abwere kuno kumwera kwa Africa mu Okutobala, chifukwa nthawi imeneyo udzu umakhala utapserera ndipo nyama zakutchire zimasonkhana m'mphepete mwa Shire ndi Luangwa, moti mlendo savutika kuziona. Iye anangoseka n'kundifunsa ngati ndaiwala kale kuti amayi ake sangagone kunja kwa nyumba yawo pa Diwali, chikondwerero chachikulu cha nyali cha Ahindu.

Ndinali nditaiwaladi, ndipo kulakwa kwanga kunali kuyamba ndi nyengo ya kumene alendo akupita m'malo moyamba ndi kalendala ya kumene akuchokera. Choncho tinayambanso. Ndinatenga pepala, ndinalemba miyezi yonse khumi ndi iwiri, ndipo madzulo angapo tinkakambirana pa WhatsApp ine ndikufufuta mwezi umodziumodzi. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka, ndiye ine ndikaweruka kuntchito iwo amakhala akumaliza chakudya chamadzulo, ndipo banja lonse linkakhala pamodzi, aliyense akuponyamo mawu ake.

Miyezi yoyamba kugwa inali Febuluwale ndi Malichi. Mwana wawo wamkulu anali m'kalasi ya 10, ndipo mayeso aboma a kalasi ya 10 ndi ya 12 amalembedwa m'miyezi imeneyi. Amene anakhalako ku India amadziwa kuti panyumba pamene pali mwana wolemba mayeso amenewa ngakhale wailesi yakanema imazimitsidwa, ndiye za ulendo sizitchulidwa n'komwe. Kuwonjezera apo, chaka cha zachuma ku India chimatha pa 31 Malichi, ndipo mnzangayo, amene ntchito yake ndi yowerengera ndalama, sakanapatsidwa tchuthi kufikira Epulo atapita ndithu. Kuyambira chapakati pa Juni mpaka Sepitembala ana amakhala ali pasukulu, ndipo mkati mwa nthawi yomweyo mumagwa chikondwerero cha mulungu wa Ahindu wotchedwa Ganesh, chimene ku Pune chimatenga masiku khumi mu Ogasiti kapena Sepitembala. Agogo, amene adzukulu awo amawatchula kuti Aaji, ananena mosapita m'mbali kuti chiyambire sanajombepo pa chikondwererochi ndipo sayamba chaka chino. Kuchokera mu Novembala mpaka Febuluwale ndi nyengo ya maukwati, ndipo banja lalikulu ngati lawo silisowa ukwati wa msuweni umene kujombako kumakhala mlandu wa zaka.

Nditamaliza kufufuta, papepala panatsala mipata itatu yokha. Woyamba unali tchuthi chachikulu cha sukulu, kuyambira chakumapeto kwa Epulo mpaka chapakati pa Juni. Wachiwiri unali masiku otsatira Diwali, amene tsiku lake limasinthasintha pakati pa theka lomaliza la Okutobala ndi theka loyamba la Novembala chifukwa amatsatira mwezi wakumwamba. Wachitatu unali sabata ya pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Vuto ndi lakuti mipata imeneyi si ya banja limodzi lokha ayi; mabanja onse a ana apasukulu m'dziko la anthu opitirira 1.4 biliyoni amayang'ana masabata omwewo, ndipo mitengo ya matikiti a ndege ndi ya mahotela imakwera motsatira. Mpata wa Disembala tinautaya msanga chifukwa unali waufupi kwambiri poyerekeza ndi ndalama zake, komanso ulendo uliwonse wodzera ku Delhi nthawi imeneyo umadalira chifunga, chimene chimachedwetsa ndege maola ambiri mu Disembala ndi Januwale.

Apa m'pamene tinayamba kuyang'ana mayiko, ndipo funso linali litatembenuka. Sitinkafunsanso kuti dziko lakutilakuti limakoma mwezi uti, koma kuti mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Novembala ndi dziko liti limene lingawalandire bwino.

Ana ankafuna Dubai, chifukwa anzawo akusukulu anapitako ndipo ulendo wake ndi wa maola atatu okha kuchokera ku Mumbai. Koma munthu wothawa kutentha kwa Meyi ku India, kumene madera ambiri amapitirira madigiri 40, sapindula kanthu akatsikira ku Dubai, kumene nakonso nthawi imeneyo dzuwa limamutsekera m'masitolo ozizira tsiku lonse. Dubai ndi wa Novembala mpaka Malichi. Tinaulemba pambali kuti mwina adzapiteko chaka china pambuyo pa Diwali, ndipo ndinawakumbutsa kuti adzayambe ayang'ana kumene mwezi wa Ramadan wagwera, popeza chaka chilichonse umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11.

Mnzangayo ankafuna Thailand, ndipo apa panafunika kusamala pang'ono, chifukwa dzikolo lili ndi magombe awiri amene mvula yake siigwa nthawi imodzi. Mbali ya Phuket ndi Krabi, imene yayang'ana nyanja ya Andaman, imayamba kulandira mvula mu Meyi mpaka Okutobala, ndipo ndi mphepo yomweyo yobweretsa mvula, yotchedwa monsoon, imene imafika ku Kerala, kumwera kwa India, cha pa 1 Juni. Mbali ya Koh Samui imakhala bwinoko mu Meyi ndi Juni, koma mvula yake yamphamvu imagwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ndiye kuti amene angapite kumeneko pambuyo pa Diwali akhoza kutha tchuthi chonse akuyang'ana nyanja pawindo. Maldives nayenso amakoma kuyambira Disembala mpaka Epulo. Malo a kum'mawa amene anagwirizana ndi Meyi mosakayikitsa anali Bali, chifukwa ali kumwera kwa equator ndipo chilimwe chake chimayamba cha mu Epulo mpaka Okutobala.

Nkhani imene inatitengera nthawi yaitali inali ya Switzerland, imene mlamu wanga, mkazi wa mnzangayo, anali ataiika pamtima kuyambira ali mtsikana. Kunena zoona, pa nyengo yokha iye ndiye anali wolondola kuposa tonse. Meyi ndi Juni ndi miyezi yabwino ku Ulaya: masiku amatalika, kuzizira kumakhala kutachepa, ndipo munthu akakwera sitima mpaka ku Jungfraujoch, m'mapiri a ku Switzerland, pamtunda wa mamita 3,454, amapezabe chipale chofewa chimene ana a ku Pune sanachigwirepo. Chimene chinatilepheretsa chinali viza. Malamulo a mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi limene Switzerland alimo, amalola munthu kupereka mafomu ake kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti anyamuke, ndipo yankho nthawi zambiri limatuluka m'masiku 15, ngakhale kuti likhoza kutenga mpaka masiku 45. Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90 ndipo mwana wa zaka 6 mpaka 11 amalipira 45, kutanthauza kuti banja lawo likanapereka mayuro 405 asanagule ngakhale tikiti imodzi, ndipo ndalamayi sibwezedwa viza ikakanidwa. Koma chovuta chenicheni sichinali ndalama kapena masiku odikira yankho. Chinali kupeza tsiku lokapereka mafomuwo ndi kudindidwa zala, chifukwa mabanja ofuna kupita ku Ulaya mu Meyi amayamba kulanda masiku amenewa chaka chikangoyamba. Mlamu wanga atatsegula tsamba losungitsirapo malo, tsiku loyandikira limene anthu asanu akanalowa pamodzi linali pafupi kwambiri ndi ulendowo, ndipo palibe amene anafuna kugula matikiti okwera mtengo chonchi ali ndi mantha akuti mapasipoti sabwerako nthawi yake. Ndinamuuza kuti, "Alamu, Switzerland sikuthawa, koma wofuna kupitako mu Meyi ayenera kuyamba mapepala mu Disembala kapena Januwale." Anakhala chete kanthawi, kenako anati chaka chamawa ndisadzamuuzenso zimenezo.

Pamapeto pake tinabwerera kumene ndinayambira, kumwera kwa Africa, koma mwezi unali wina. Nditaganiza mofatsa ndinaona kuti Okutobala amene ndinawauza poyamba uja akanawazunza ngakhale pakanapanda Diwali, chifukwa m'chigwa cha Luangwa ndi kumunsi kwa Shire mwezi umenewo kumatentha ngati ku India komweko, ndipo mathithi a Victoria mbali ya Zambia amakhala ataphwa kwambiri. Kumapeto kwa Meyi zinthu zimakhala zina. Mvula imakhala italeka mu Epulo, misewu ya m'nkhalango yauma, udzudzu wachepa, ndipo Zambezi amakhala adakali wodzaza moti munthu woyenda pafupi ndi mathithi amanyowa ngati wagwidwa ndi mvula. Ndinawachenjeza kuti udzu umakhala usanagwe wonse, choncho nyama sizioneka mosavuta ngati mu Sepitembala, komanso kuti kunyanja mphepo ya mwera imayamba kuwomba m'miyezi yozizira ndipo masiku ena bwato silingapite kuzilumba za ku Cape Maclear. Iwo anati munthu wochokera m'ng'anjo ya Meyi sangadandaule ndi mphepo.

Titasankha mwezi tinayamba kuwerengera masiku chobwerera m'mbuyo, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene sindinkachidziwa. Ndege zochokera ku Mumbai kubwera ku Lilongwe zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko amene boma la India limafuna kuti wochokerako aonetse chikalata cha katemera wa yellow fever pobwerera kwawo. Wopanda chikalatachi akhoza kusungidwa payekha mpaka masiku asanu ndi limodzi. Banjali linasankha kubayitsa onse oyenera m'malo mokakangana ndi ogwira ntchito pabwalo la ndege za maola amene anakhala podikira ndege ina. Chikalatacho chimayamba kugwira ntchito patatha masiku khumi munthu atabayidwa, ndipo katemerayu amaperekedwa m'zipatala zovomerezeka zokha, pa masiku oikika. Kwa agogo kunafunika kuyamba aonana ndi dokotala, chifukwa katemerayu amafuna kusamala kwa anthu opitirira zaka 60. Zonsezi tinaziika mu Epulo, mayeso a mwana atatha. M'sabata yomweyo ndinawauza kuti atulutse mapasipoti onse asanu n'kuwerenga masiku othera, ndipo anapeza kuti ya mwana wamng'ono inali itatsala ndi miyezi inayi yokha, popeza pasipoti ya mwana ku India imakhala ya zaka zisanu pamene ya wamkulu ndi ya zaka khumi. Mayiko ambiri amafuna kuti pakhale patatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndiye anathamanga kukaikonzetsa asanapemphe maviza pa intaneti.

Chotsiriza chinali kusankha masiku enieni mkati mwa tchuthicho. Titayerekeza mitengo kwa masabata angapo tinaona kuti sabata yoyamba ndi yachiwiri ya Meyi, pamene aliyense amathamangira kunja sukulu zikangotsekera, inali yokwera kuposa yakumapeto kwa mweziwo. Koma sitikanakankhira ulendowo kutali kwambiri, chifukwa mvula ya monsoon imafika ku Mumbai cha pa 10 Juni, ndipo masiku ake oyamba amasokoneza ndege komanso msewu wa makilomita pafupifupi 150 wokwera mapiri a Lonavala kupita ku Pune. Tinagwirizana kuti anyamuke sabata yomaliza ya Meyi n'kubwerera sabata yoyamba ya Juni isanathe, kuti ana apeze masiku ochepa opuma ndi kugula mabuku sukulu isanatsegulidwe.

Nditawauza kuti alongedze majuzi, agogo anaganiza kuti ndikuwanyoza, chifukwa m'maganizo mwawo Africa yense ndi dzuwa lokhalokha. Ndinachita kuwatumizira chithunzi cha ine ndemwe nditavala chipewa chaubweya ku Dedza m'mawa wina wa Juni chaka chapitacho. Tsiku limene ndinakawachingamira pabwalo la ndege la Kamuzu agogowo anatuluka atafunda shawelo yochindikala pamwamba pa sari, ndipo ndisanawapatse n'komwe moni anandifunsa ngati kunyumba kuli madzi otentha a tiyi.