Zimene ndaphunzira pa nkhani yofuna mphatso ya malilime

Wofuna mphatso ya malilime aziwerenga malo awiri pamodzi: Machitidwe a Atumwi, ndi 1 Akorinto mutu 12 mpaka 14. Ambiri amagwira kumodzi kokha, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo.

M'buku la Machitidwe, malilime amatchulidwa poyera katatu. Pa Pentekoste, m'mutu 2, alendo ochokera ku Igupto, ku Roma ndi kwina anamva ophunzira akulankhula zinenero zakwawo zenizeni. Kunyumba kwa Korneliyo ku Kaisareya, m'mutu 10, Mzimu anatsika Petro ali pakati pa ulaliki, popanda wosanjika manja aliyense. Ku Efeso, m'mutu 19, amuna pafupifupi 12 analankhula Paulo atawasanjika manja. Ponseponse palibe amene anauzidwa mawu oyambira. Ku Samariya, m'mutu 8, manja anasanjikidwa koma malilime satchulidwa. Amene amatchulidwa ndi Simoni wamatsenga, yemwe anafuna kugula mphamvuyo ndi ndalama, Petro n'kumudzudzula mosanyengerera.

Ku Korinto nkhani yake ndi ina. Pa 1 Akorinto 14:2 Paulo akunena za munthu wolankhula kwa Mulungu, zimene anthu sakumva. Kusiyana kumeneku kunapunthwitsa ngakhale oyamba a Chipentekoste. Charles Parham, amene pasukulu yake ya Baibulo ku Topeka, Kansas, Agnes Ozman analankhula malilime mu Januwale 1901, ankaphunzitsa kuti malilimewo ndi zinenero za mayiko, moti amishonale sadzavutikanso kuphunzira. Chitsitsimutso cha ku Azusa Street, Los Angeles, chitayamba mu 1906 motsogozedwa ndi William Seymour, Alfred Garr anapita ku India akukhulupirira kuti walandira chinenero cha Bengali. Atafika ku Calcutta, eni chinenerocho sanamumve. Mu 1972 katswiri wa zinenero William Samarin anaonetsa kuti malilime amene anawafufuza amapangidwa ndi timaphokoso ta zinenero zomwe wolankhulayo amazidziwa kale, popanda galamala. Okhulupirira amayankha kuti pemphero la pa 14:2 silinalonjezedwe kukhala chinenero cha anthu, ndipo yankholo n'lomveka. Koma wonena kuti akulankhula Chitchaina aziyesedwa ndi Mtchaina.

Kafunidwe kake malemba sanakachulukitse. Luka 11:13 akuti Atate amapereka Mzimu Woyera kwa omupempha, ndipo 1 Akorinto 12:11 akuti Mzimuyo ndiye amagawa monga afunira. Pemphani momveka, ndi mawu anuanu, ndipo mukafuna okusanjikani manja sankhani anthu amene khalidwe lawo mukulidziwa. Palibe vesi yotchula masiku osala kudya kapena maola opemphera kuti mphatso ibwere.

Zimalakwika pati? Choyamba ndi kuphunzitsana. Wina amauzidwa kuti abwereze "aleluya" mofulumira mpaka lilime litapindika, kapena atsanzire mawu a mtsogoleri. Phokoso limatulukadi, pakuti lilime lililonse likathamangitsidwa limaphonya, koma pakapita masiku munthuyo amayamba kudzikayikira ndipo amachita manyazi kufunsa. Chachiwiri ndi thupi. Kupuma mofulumira kwa mphindi zingapo kumachepetsa mpweya wa carbon dioxide m'magazi, ndipo kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Wozunguliridwa ndi anthu okuwa m'makutu angaganize kuti ndi moto wa Mzimu, pamene akungofunika kukhala pansi n'kupuma pang'onopang'ono.

Chachitatu ndiye chopweteka mtima: kuuza munthu kuti sanapulumuke chifukwa salankhula. Funso la Paulo pa 12:30, lakuti kodi onse amalankhula malilime, m'Chigiriki linaumbidwa moyembekezera yankho lakuti ayi. A Assemblies of God amaphunzitsa kuti malilime ndi chizindikiro choyamba cha ubatizo wa Mzimu Woyera, osati cha chipulumutso, ndipo funso la Paulo amati likukhudza mphatso yogwiritsa ntchito mumsonkhano. Mipingo ina, potsamira 13:8-10, imati mphatsoyi inatha ndi nthawi ya atumwi. Dziwani pamene mpingo wanu waima musanakhumudwe ndi m'busa.

Wolandira naye ali ndi malamulo, ndipo ali ndi manambala. Mumsonkhano alankhule awiri, akachuluka atatu, mosinthana, wina n'kumasulira. Womasulira akasowa, munthu akhale chete, alankhule yekha ndi Mulungu (14:27-28). Wolankhulayo apempherenso kuti azitha kumasulira (14:13). Zoti "sindingathe kudzigwira" sizigwirizana ndi lamuloli, chifukwa wolamulidwa kudikira nthawi yake ndiye kuti angathe kutseka pakamwa. Paulo mwini ankalankhula malilime kuposa Akorinto onse, ndipo analetsa kuwaletsa (14:39), koma mumpingo anasankha mawu 5 omveka kuposa 10,000 a m'malilime. Amene ankamudera nkhawa ndi mlendo wa pa 14:23, wolowa pakhomo n'kupeza onse akulankhula nthawi imodzi, n'kutuluka akuti anthuwa apenga.